Nsalu Yoyera ya Amayi a Tenri

Ine Baharuddin ndaponda madoko kuyambira ku Busan mpaka ku Dubai. Ndinachoka kuno ku Parepare ndi malaya amodzi, lero ndili ndi malole anga onyamula nsomba. Palibe katundu amene anandikanika kufikitsa kumene akufunika. Amene anatsala pang'ono kundikanika ndi mkazi wanga, Hasnah, mayi a mwana wathu Tenri.

Atakayezetsa khomo la chiberekero kuchipatala cha m'dera lathu, anamuuza kuti ali ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana, ndipo abwerenso adzamuone bwino. Kunyumba anafufuza pa foni, ndipo foniyo inamuonetsa khansa ndi manda basi. Anasiya kudya. Kuchipatala anakana kubwerera.

Lachisanu lina, ndikufuna malaya a kumzikiti, ndinapeza m'kabati nsalu yoyera yatsopano, yokulungira maliro.

"Amayi a Tenri, wamwalira ndani?"

"Kafunseni madoko anu aja," anayankha osandiyang'ana. "Mphatso mwandibweretsera. Kuchipatalako ndikatani? Akandiuze tsiku?"

Ndinaliza lole, n'kukatenga mzamba Suriani wa kuchipatala chija. Anafika akudandaula za fungo la nsomba. Atamwa khofi, anaigwira nsalu ija.

"Nsalu yabwino, achemwali, koma mwafulumira. Kukhala ndi HPV si kukhala ndi khansa. Anthu ambiri amakatenga nthawi ina, ndipo kwa ochuluka thupi limakachotsa lokha. Takuitanani kuti tione ngati kayamba kuwononga, tichize isanakhale khansa."

"Nanga awa?" anatero Hasnah, akundiloza ndi chibwano.

"Kachilomboka kamatha kukhala chete zaka zambiri. Sikanena kuti kanabwera liti, kapena ndi ndani. Awa muwaweruze pa milandu ina, monga kudzitama."

Hasnah anaseka pang'ono, koyamba mwezi umenewo. M'mawa mwake anakwera lole kupita kuchipatala. Anamupeza ndi kamalo kakang'ono kamene kanayamba kusintha, ndipo anakachiza tsiku lomwelo. Mwana wathu Tenri analandira katemera wa HPV kusukulu. Nsalu ija tsopano ndi makatani a kukhitchini.

Phunziro ndi ili: akakupezani ndi HPV, musadziweruze ndi za pa foni. Funsani azaumoyo, ndipo bwererani tsiku limene akuuzani.

Nditafunsa mzamba kuti ndimuthokoze bwanji, anati, "Si mumati palibe katundu wokukanikani? Mundibweretsere amayi khumi amene akuopa ngati mmene ankaopera akazi anu."

Hasnah anayenda khomo ndi khomo, ena akumutsekera chitseko, ena akumufunsa monong'ona. Ine ndinatsuka lole ndi sopo mpaka fungo linatha, n'kuyalamo mikeka. Titafika pachipatala, mzamba anaima pakhomo n'kumawerenga otsika.

Anapempha khumi. Ine Baharuddin ndinatsitsa amayi khumi ndi asanu ndi awiri.