Kumbuyo kwa Mwala

Dokotala Nohemí Barahona atasankhidwa kukhala mkulu wa chipatala cha m'tauni mwathu, anavula jasi lake loyera n'kulikoleka kuseri kwa chitseko. Kenako analemba lamulo: aliyense wofuna kuonana ndi dokotala aime pamzere m'mawa, alandire nambala pageti.

Kale anthu odziwika ankalowera kukhomo la kumbuyo. Mlamu wa meya, mkazi wa wapolisi, ngakhale amene anali ndi msuweni wokolopa m'katimo. Alimi a khofi otsika kumapiri ankangowotha dzuwa panja mpaka kubwerera. Nohemí anakhoma khomolo ndi loko. Meya anasiya kumupatsa moni, koma iye sanaonde nazo.

Lamulungu lina anapita kukaona Doña Eduviges, amayi ake a ubatizo. Anawapeza akuphika tortilla, timikate ta chimanga topyapyala, atakhala pampando, phazi limodzi atalikulunga chinsalu. Fungo la phazilo linamupeza asanafunse.

"Amayi, phazili layamba liti?"

"Kachilonda chabe. Ndinaponda msomali. Idya kaye."

Nohemí anamasula nsaluyo, anayang'ana, n'kuibwezera bwinobwino. Mayiwo anali ndi matenda a shuga, ndipo chala chimodzi chinali chitayamba kuda.

"Ili likufunika Dokotala Urquía, wa maopaleshoni uja. Mawa lomwe. Mukachedwa, phazi lonse lipita."

"Chabwino. Ukandidikire kukhomo la kumbuyo."

"Linatsekedwa."

"Anatseka ndani?"

"Ine."

"Ndiye kiyi uli naye."

"Mukaime pamzere, amayi. Ngati wina aliyense."

Doña Eduviges anatembenuza tortilla ndi zala, osapsa.

"Ine ndinakunyamula m'tchalitchi, iwe n'kundikodzera diresi latsopano pamaso pa ansembe. Kodi tsiku limenelo ndinali wina aliyense? Pamzere sindikaima. Phazi ndi langa. Akalidula ndizigula nsapato imodzi, kutchipa."

Nohemí ankatha kutsutsana ndi akuluakulu a ku unduna osaphethira, koma apa anangodya tortilla yake n'kutsanzika. Ankadziwanso kuti akatsegula loko uja kamodzi kokha, pofika masana mlamu wa meya adzakhala atamva.

M'mawa kusanayere bwino anapita yekha kukaima pamzere kuti awatengere nambala. Mzerewo unali utazungulira kale mpanda. Ena anali atasiya zinthu zowagwirira malo, monga timachitira: patapata, botolo, chipewa. Nohemí anaima kumbuyo kwa mwala.

Aliyense ankamudziwa.

"Akuchotsani ntchito, adokotala?" anafunsa bambo wina wa ndevu zoyera amene anali kumbuyo kwake.

"Ayi."

"Mukudwala?"

"Ayi."

"Ndiye mwangobwera kudzalawa? Lawani, n'zaulere."

Mayi wina anasendera pafupi, mwana ali m'manja. "Poti muli pompano, adokotala, tamumverani pachifuwapa."

Analibe chomvetsera, choncho anagunditsa khutu pamsana pa mwanayo. Ataweramuka anapeza bambo wa ndevu uja atakweza kale malaya, akuloza nthiti. Wina anatulutsa lilime. Gogo wina anavula nsapato. Panali patapita nthawi yaitali manja ake akungogwira cholembera, ndipo anadabwa kuona kuti sanaiwale kanthu. Mwini mwala atabwera, anatola mwala wake n'kumuonetsa chotupa cha pakhosi.

Dzuwa litakwera anafika pageti. Mlonda, Don Cástulo, anali ndi manambala m'manja. Anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, bwana. Chikupweteka n'chiyani?"

"Palibe. Ndikuwatengera Doña Eduviges."

Don Cástulo anavalanso chipewa.

"Nambala timapatsa wodwala yekha, m'manja mwake. Munawonjezera nokha zimenezo, anyamata ena atayamba kugulitsa manambala."

"Ndikudziwa, Don Cástulo. Koma ndine."

"Ndakuonani kuti ndinu. Munati ngakhale abwere abishopu. Munatinso wophwanya lamuloli mumuchotsa ntchito. Ndili ndi ana, bwana."

Mzere wonse unasolola makosi. Nohemí anayang'ana manambalawo. Akanangotambasula dzanja, mlondayo sakanalimbana naye. M'malo mwake anapatuka.

"Wotsatira!" anatero Don Cástulo.

Nkhani inathamanga kuposa iye. Atafika kwa Doña Eduviges anawapeza ali pakhonde, atavala diresi la kutchalitchi, chikwama chili pamiyendo, nkhope ili gwa.

"Ndamva. Wogulitsa mkaka wandiuza, wogulitsa nkhuni wandiuzanso. Mwana wanga, mkulu wa chipatala chonse, kuima kumbuyo kwa mwala! Mlonda n'kumubweza ngati galu wolowa m'khitchini!"

"Sanandibweze ngati galu. Anavula chipewa."

"Khala chete. Ndiye mawa utani?"

"Ndikaimanso."

"Akakubwezanso."

"Inde. Mkuja ndikaimanso. Mpaka mubwere."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unali kamwana kabwino," anatero. "Sindidziwa sukulu inakuchita chiyani. Taitana kagalimoto ka mawilo atatu, usanandimalize ndi manyazi."

Anafika mzere utatsala pang'ono kutha. Doña Eduviges anaima kumapeto, atatsamira phewa la Nohemí, akuuza aliyense womva kuti kulera mwana wa mwini n'kutaya nthawi. Atafika pageti analandira nambala m'manja mwawo osamuyang'ana Don Cástulo.

Dokotala Urquía anawagoneka tsiku lomwelo. Chala chija chinapita, phazi linatsala.

Tsiku lotsatira Nohemí anathawa msonkhano wa zogula mabulangete n'kupita kuwodi ya amayi. Anapeza Doña Eduviges atakhala pabedi, akuphunzitsa namwino kayalidwe ka nsalu. Atamuona pakhomo anatembenukira kwa namwinoyo.

"Mwanawe, nthawi yoona odwala yakwana?"

Namwino anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana bwana wake, n'kuyang'ana pansi.

"Sinakwane, agogo."

"Ndiye awo akufuna chiyani?"

Nohemí anayang'ananso wotchiyo. Zinali zoona. Anatuluka n'kukakhala pabenchi ya panja, pakati pa bambo wonyamula nthochi ndi mayi wonyamula poto wa msuzi. Mayiyo anasendera kuti amupatse malo.

"Nanunso wanu wagonekedwa?" anafunsa.

"Amayi anga," anatero Nohemí.