Nsapato Zofiira za Verna

Mtolankhani Warren Tillotson atamwalira ku New York, sukulu ya m'katauni ka migodi ya malasha ku Kentucky inakonza mwambo womukumbukira. Anasankha Shawna, mwana wa Verna Sizemore, kuti adzawerenge nkhani yake yotchuka ija, ya mtsikana wopanda nsapato.

Verna anapeza pepalalo m'chikwama cha mwanayo. Mtsikana wa m'nkhaniyo anali iyeyo, ndipo analumbira kalekale kuti Shawna sadzadziwa zimenezi. M'mawa mwake analunjika kusukulu, epuloni ya kulesitilanti ili m'chiuno.

"Mayi Hensley, mwana wanga sawerenga zonyansazi."

Mphunzitsiyo anamwetulira ngati akunyengerera mwana wolira. "Koma mayi, bambo ameneyu ndi amene anauza dziko lonse za umphawi wathu. Chipatala chija chinabwera chifukwa cha cholembera chake."

"Umphawi wathu? Inu amene munabwera dzana ndi galimoto yonyezimira?"

Verna ankamukumbukira bwino munthuyo. Anadya nyemba ndi buledi wa chimanga patebulo la mayi ake mpaka kunyambita zala, kenako n'kukalemba kuti nyumba yawo inkanunkha mkodzo.

"Mtsikanayo ndine," anatero, mawu akukwera. "Ndipo nsapato ndinali nazo! Zofiira, zakutchalitchi. Tillotson yemweyo ndiye anandivulitsa, wojambula wake asanatole chithunzi. Akuti, 'Vula kamwana, uoneke bwino.'"

"Pepani, sindinkadziwa. Komabe zolemba zake…"

"Zolemba zake zitatuluka, a boma oona za ana anadzatenga mlongo wanga Dale akadali ndi thewera. Mpaka lero sitidziwa kumene ali. Tillotson analandira mphoto, inu chipatala, ife tinataya Dale. Ndiye mwana wanga akamuombere m'manja?"

"Chabwino, ndipatsa wina," anatero Mayi Hensley chapansipansi. Koma maso awo sanali pa Verna, anali pakhomo.

Verna anacheuka. Shawna anali ataima pamenepo, atakumbatira mabuku a kalasi.

"Amayi, Dale ndi ndani?"

Pakhoma panali chithunzi cha Tillotson chimene anakonzera mwambowo, akumwetulira, kaliwo ali pakamwa. Verna anachiyang'ana mtima ukuwira. Galu ameneyu, ngakhale ali m'manda, wamuvulanso pagulu.

Anamulanda mwanayo mabukuwo n'kuwaponya patebulo la mphunzitsi.

"Tenga jekete lako. Ndikuuzira m'galimoto za amalume ako."