Chithunzi Chochokera ku Kepi

Mng'ono wanga Levison anali ndi nthenda imodzi: ankafuna kuti anthu akutali amudziwe. Kuphunzitsa ana pasukulu yaudzu kufupi ndi Mkaika sikunkamukwanira. M'chaka cha 1925, atapita ku mishoni kukatenga masileti, anaona magazini ya mpingo yochokera ku Kepi, kumwera kwenikweni kwa Afirika, pakhonde pa Dona, mkazi wa mbusa wachizungu. M'katimo munali chithunzi cha mphunzitsi wina wa ku Nyasalande ataima ndi mkwatibwi wake, mayina awo atalembedwa m'munsi. Mwana wa mayi anga anabwerako mutu utazungulira.

"Akulu," anandiuza, "ukwati wanga nawonso ulowa m'menemo."

"Ukalowamo ndiye kuti chiyani? Azungu a ku Kepi adzabwera kudzakulimira mtedza?"

Sanandimve. Levison akafuna chinthu makutu ake ankatseka, ndipo ine, amene ndinali nkhoswe yake, ndinangoti mwina zimutha zokha.

Mtsikana amene ankakwatira anali Yunesi, mwana wa aNamwale. Monga mwa mwambo wathu, Levison ndiye anasamukira kwawo kwa mkazi, namanga nyumba kumeneko. Mkamwini amakhala pamudzi mwa chifundo cha eni ake. Akalakwa amamutulutsira mphasa panja, iye n'kumapita, mkazi ndi ana n'kutsala. Ndipo lamulo lalikulu pa onse ndi la apongozi. Mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sakhala nawo pafupi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Pa zimenezi Levison analibe chilema. ANamwale akatulukira uko ndi mtsuko pamutu, iye ankalowa m'tsekera ndi buluku lake loyeralo, n'kutulukamo lili zisoso zokhazokha. Apongoziwo ankamutama kwa anzawo kuti mwana wawo wapeza munthu waulemu.

Dona, amene anali ndi bokosi lojambulira zithunzi, anavomera zojambula, koma ananeneratu kuti a ku Kepi sasindikiza chithunzi chilichonse. Amafuna chooneka bwino: chovala choyera, maluwa m'manja, ndiponso nkhope zoyang'ana kutsogolo. Deresi anabwereketsa yekha, maluwa anathyola m'dimba mwake. Chimene Dona sanadziwe, ndipo Levison sanavutike kumuuza, n'chakuti amayi olangiza anali atamuphunzitsa kale Yunesi zake. Mkwatibwi sadzutsa mutu pa tsiku la ukwati. Saseka, sayang'ana anthu. Wodzutsa mutu amati ndi wamaso, wosalangizidwa, ndipo manyazi ake amagwera mayi wobereka.

Titatuluka m'tchalitchi, Dona anaimika bokosi lake la miyendo itatu pabwalo, nalowetsa mutu m'nsalu yakuda. Ana anathawira kuseri kwa amayi awo. Levison anaima njo, chifuwa patsogolo, maso ali pa kagalasi ka bokosilo, pakuti anamuuza kuti akagwedezeka nkhope idzafufutika. Pambali pake Yunesi anawerama mpaka chibwano kugunda pachifuwa.

"Yunesi, dzutsa mutu!" anaitana Dona ali m'nsalumo.

Yunesi anawonjeza kuwerama. Amayi olangiza anagwedeza mitu mokhutira.

Dona anajambula, nasintha galasi lojambulirapo chithunzi, naitananso, koma osaphula kanthu. Potsiriza anakodola aNamwale kuti abwere adzamunyengerere mwana wawo. Kukana mzungu pamaso pa anthu kunali kovuta, choncho anabwera mwamanyazi, atavala nsalu yawo yoyera yatsopano. Yunesi poona amayi ake anasendera kumbali, nawapatsira maluwa kuti apukute thukuta. Mwakutero aNamwale anapezeka pakati, phewa lawo pafupi ndi la mkamwini. Dona anafuulanso mawu ena, iwo n'kutembenuka modzidzimuka kuyang'ana kubokosiko. Kenaka anazindikira pamene aima, naponya maluwa, n'kuthawa atagwira kumaso. Anthu tinaseka pang'ono kubisa manyazi. Zinachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo pofika nthawi ya chakudya tonse tinali titaiwala.

Mvula inagwa, inatha, tinakumba mtedza. Yunesi anali ndi pakati pooneka. Levison sanasiye kulalikira za chithunzi chake. Anauza ana a sukulu, anauza akulu a mpingo, anauza ngakhale amalonda odutsa popita ku Fort Jameson. Tsiku lina wamtengatenga anabwera ndi phukusi lomata lochokera ku mishoni. Munthu wanzeru akanalitsegulira m'nyumba mwake, chitseko chili chotseka. Mng'ono wangayo analisunga pansi pa mtsamiro mpaka Lamulungu, kuti alitsegule mudzi wonse ukuona.

Atatha mapemphero tinasonkhana pabwalo, amuna uku, akazi uko. ANamwale anakhala patali kuseri kwa nkhokwe, atafulatira, monga amayenera. Levison anang'amba phukusi. Dona anali ataika kapepala pa tsamba lake, choncho iye anangotsegula pomwepo, nakwezera magaziniyo m'mwamba atailozetsa kwa ife, monga amachitira poonetsa ana zilembo. Iye mwini sanayang'anepo. Maso ake anali pa nkhope zathu, kudikira nthungululu.

Palibe anaimba nthungululu.

Ine ndinali kutsogolo, ndipo ndinaona zonse. Chithunzicho anachidula mozungulira ngati dzira. M'katimo munali Levison, chifuwa patsogolo. Pambali pake, phewa ndi phewa, maluwa ali m'manja, maso ali gwa kutsogolo, panali apongozi ake. M'munsi munali mawu a Chibunu, chilankhulo cha azungu a ku Kepi, amene sitinkawadziwa, koma mayina awiri aliyense wodziwa zilembo anawawerenga: Levison, Yunesi.

"Mayo ine!" anatero mayi wina, nagwira pakamwa.

Mkulu wina wa mpingo anavula chipewa ngati wamva za maliro. Levison anayamba wamwetulira, kenaka kumwetulirako kunauma. Anatembenuza magazini, nayang'ana. Chibadwire anali asanawayang'anepo aNamwale kumaso, ndipo tsopano anali atawagwira m'manja, akuyang'anana nawo maso ndi maso. Anaiponya pansi ngati yamuotcha.

Akazi anaitola, nayamba kupatsirana mwakachetechete, mpaka inakafika kuseri kwa nkhokwe. Apa mpamene zinthu zinaipiratu. ANamwale analibe kalilole, ndipo nkhope yawo ankangoionera m'madzi a pachitsime. Anayang'anitsitsa, naimirira ndi ukali, kuiwala ndi zofulatira zomwe.

"Mkazi ameneyu ndi wa kuti?" anafuula. "Mwana wanga ali ndi pakati, iwo akukwatira wina ku mishoni? Taonani maso akewo, kuuma kwake! Anabadwira kwa yani wopanda mwamboyu?"

Pamenepo mng'ono wawo anawagwira mkono, nawalozera mphini za pamphumi pa mkazi wa m'chithunziyo, kenaka nakhudza mphini za pamphumi pawo. Anawalozeranso mkanda wa m'khosi, womwe anali atauvala tsiku lomwelo. ANamwale anagwira mkandawo. Anakhala pansi mwadzidzidzi, nayamba kulira kulira kwa pamaliro, kwakuti anthu a mudzi woyandikana anabwera akuthamanga kudzafunsa amene wamwalira.

Yunesi sanalire. Anatola magaziniyo m'fumbi, naifufuza kwa nthawi yaitali. Anadzipeza m'mphepete mwenimweni, pamene lumo linadutsa: kachidutswa ka chigongono m'deresi yoyera. Anaipinda bwinobwino, nalowa nayo m'nyumba.

M'mawa mwake ankhoswe tinakhala pansi. A Mwale, malume ake a Yunesi, sanali munthu waukali, koma tsiku limenelo analankhula mokalipa.

"Mlongo wanga wakwatiwa ndi mkamwini wake pamaso pa dziko," anatero. "Sakudya, sakutuluka m'nyumba. Pitani mukatenge mapepala onsewo, tidzawatenthe pano."

Tinapita ku mishoni, ine ndi Levison. Dona ataona tsambalo nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Nayenso anali asanaliyang'anitsitse, anangoona mayina n'kutumiza. Anafotokoza kuti anatumiza magalasi onse ku Kepi, ndipo mwa onsewo limodzi lokha ndilo linali ndi mkazi wooneka nkhope. Munthu wa kumeneko, amene sanapondepo kwathu kuno, anaona nsalu yoyera ndi maluwa, nati mkwatibwi ndi ameneyu, winayo n'kumudula.

"Ndiye tipatseni mapepalawo tibwerere nawo," ndinatero.

"Aphunzitsi, bambo Ackson," anatero Dona motsitsa mawu, potchula Levison ndi ine, "sali muno. Anapita m'mipingo yonse ya kumwera, nyumba ndi nyumba. Ngakhale ine sindingawaitanitse."

Ine ndinkaganiza kuti alipo ochepa, oti munthu n'kuwamanga m'mtolo umodzi. Dona analonjeza kuti adzabwera kudzajambula china, ndipo adzapempha a ku Kepi kuti asindikize chimenecho ndi mawu okonza cholakwacho.

Kunena zoona, mpaka apa ukwati ukanapulumuka. A Mwale anamvetsa kuti lumo linali la mlendo. Anati tipereke mbuzi yopepesera mlongo wawo, chithunzi chatsopano chijambulidwe, nkhani ithe. Ndinali nditayamba kale kuomba m'manja. Koma mng'ono wanga, pokhala mphunzitsi, sakanatha kuchoka pabwalo osakonza wina.

"Komatu tinene zoona," anatero, akuloza Yunesi. "Mayi a kunyumbawa akanadzutsa mutu pamene Dona anawauza, zonsezi sizikanachitika."

Ndinamuponda chala, koma mawu anali atatuluka. Amayi olangiza anayang'anana. A Mwale anatsitsa manja amene anali atakweza kuti aombe. Yunesi anali atakhala pamphasa pakhomo, ndipo anayankha osakweza mawu, potchula Levison ndi mfunda wake.

"AMbewe, ndinawerama kuti amayi anga asachite manyazi, ndi kuti anthu anene kuti inu mwakwatira mkazi wolangizidwa. Khosi linandiwawa tsiku lonse. Inu munaima pomwepo. Ine nditachoka pambali panu, munadziwa?"

Levison sanadziwe. Tonse tinaona kuti sanadziwe, ndipo ine ndinamumvera chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi.

Dona anasunga lonjezo. Anabwera ndi bokosi lake pa Loweruka, amtengatenga atasenza miyendo yake. Deresi ija sinamukwanenso Yunesi chifukwa cha pakati, moti anaisiya yosamanga kumsana. Levison anachapa buluku, napaka mafuta kumutu, ndipo ndinaona kuti mtima wake wayambanso kukwera. Ankaganiza kuti wapeza mwayi wolowa m'magazini kachiwiri.

Yunesi anatuluka m'nyumba, nayenda mpaka pamaso pa bokosi. Anaima chilili, mutu uli m'mwamba, maso ali pa kagalasi kaja. Amayi olangiza anati "Ha!" koma palibe anamuletsa. Levison anafulumira kukaima pambali pake, nakonza kolala.

"Tasenderani uko, aMbewe," anatero Yunesi.

Levison anasendera pang'ono.

"Ayi, tulukanimo. Inu munajambulidwa kale."

Dona anatulutsa mutu m'nsalu, nayang'ana uku ndi uku. "Koma Yunesi, a ku Kepi akufuna mkwati ndi mkwatibwi. Cha munthu mmodzi sadzasindikiza."

"Asasindikize, Dona. Ichi n'cha mwana ali m'mimbayu, kuti adzaone kuti mayi wake pa ukwatipo analipo."

Levison anayang'ana kwa ine, nkhoswe yake, kuti ndinenepo kanthu. Ine ndinayang'ana kumbali. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anadzaima pakati pa ife oonerera, ndipo Dona anajambula.

Pamene tinkatembenuka, tinaona kuti a Mwale atulutsa kale mphasa, khasu ndi bokosi la mabuku, n'kuziika bwinobwino panja pa khomo. Levison anaima n'kumaziyang'ana, manja ali lende, osakhulupirira. Ndinasenza bokosilo ine, pakuti iye sakanatha, ndipo tinalowa njira ya kwathu dzuwa likali pamutu.