Chaka China pa Makina

Akuchipatala anamuimbira foni Kasingano ali chogwada, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwa diresi ya kasitomala. Anamuuza kuti zotsatira zatuluka, abwere Lachiwiri m'mawa, ndipo abwere yekha.

Kasingano silinali dzina la pa chiphaso chake. Anamupatsa ndi achimwene ake ali wamng'ono, chifukwa chowonda ndi kulowa paliponse mwakachetechete, ndipo atakula n'kukhala telala dzinalo linangomumatirira. Achimwene omwewo tsopano impso zawo zonse ziwiri zinali zitaleka kugwira ntchito. Katatu pa sabata ankagona maola anayi pa makina osefa magazi, ndipo chaka chinali chitatha akutero.

Madokotala atanena kuti m'bale angathe kupereka impso imodzi n'kukhala bwinobwino ndi yotsalayo, banja linakumana kunyumba kwa amayi. Sipanakhale mkangano. Mkulu wake wa Kasingano anali ndi ana anayi, wotsiriza akadali kubere. Mlongo wawo wamng'ono anali ndi matenda a shuga. Alamu, akazi a wodwalayo, magazi awo anali a gulu lina. Maso anayendayenda m'chipindamo n'kukatera pa iye. Amayi ndiwo ananena zimene onse ankaganiza, mofatsa, akumusisita pabondo: kuti chibale ndi fupa sichiwola, kuti iye alibe mwana womusiya m'mbuyo, ndipo mwina Mulungu ankadziwa chimene ankamusungira. Kasingano anavomera kukayezetsa. Pobwerera amuna ake anangomulanda chikwama n'kumunyamulira.

Anali atakhala pabanja zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kawiri anapita padera. Chaka chamawa akanakwanitsa zaka makumi anayi. Koma miyezi isanu m'mbuyomo dokotala wa azimayi anapeza chotupa m'chiberekero, anachichotsa, n'kumuuza kuti khomo latseguka tsopano, kungoti silikhala chotsegula nthawi yaitali. Nkhaniyi ankaidziwa awiri okha, iye ndi amuna ake. Anali atatopa kupatsa anthu chiyembekezo kenako n'kumalandira mapepeso awo.

Dokotala wa impso anali mayi wa imvi, ndipo tiyi wake anali atazizira pa tebulo osamwedwa. Anamuuza Kasingano kuti magazi ake ndi a achimwene ake agwirizana kwambiri, mwa mtundu umene saupeza kawirikawiri. Kasingano anathokoza. Kenako, akuyang'ana zala zake, anafunsa za pakati. Adokotala sanazungulire: akapereka impso ayenera kudikira chaka kapena kuposerapo asanatenge pakati, ndipo pakati pake padzafunika kusamala kwambiri. Anafunsanso ngati achimwene angathe kudikira. Adokotala anati ena amakhala pa makina zaka zambiri, ena ayi. Mtima wa achimwenewo unali utayamba kutopa, ndipo adokotalawo sakanalonjeza kanthu.

Atatero anadzuka n'kukakankha chitseko chomwe chinali chotseka kale.

"Zotsatirazi tikuzidziwa awiri, ine ndi inu," anatero. "Mukaona kuti simungathe, ife timangouza banja kuti simuli woyenera kupereka. Chifukwa chake sitinena."

"Limenelo si bodza, adokotala?"

"Munthu wopereka mokakamizidwa sakhala woyenera. Ndiye ine ndimakhala ndanena zoona. Zimene iwo amamva ndi zawo." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Mawu amenewa ndawanena kambirimbiri, mayi. Sindinganene kuti andipepukira."

Anamupatsa mpaka Lachisanu.

Masiku otsatirawo Kasingano anasoka ngati munthu wobwereka manja. Anaika zipi chozondoka pa siketi ya mwana wasukulu n'kuimasula kawiri. Amayi ankaimba foni m'mawa ndi madzulo, ndipo iye ankayankha kuti akuchipatala akuonabe. Lachitatu alamu anatulukira kushopu. Sanafunse kanthu. Anangotenga tsache n'kusesa ulusi ndi tizidutswa ta nsalu pansi pa tebulo, anapinda nsalu zonse zomwe zinali pampando, n'kutsanzika. Bola akanafunsa.

Anawafotokozera amuna ake zonse. Iwo anati akanena kuti pereka ndiye kuti ataya mwana, akanena kuti usapereke ndiye kuti apha mlamu wawo, choncho pakamwa pawo pasatuluke kanthu. Chimene angasankhe iye, iwo adzayenda naye. M'mawa mwake anapeza atamuthirira mafuta m'makina osokera ndi kumangitsa lamba amene ankaterereka kuyambira kalekale.

Kupemphera ankapemphera, koma mawu ankamuthera panjira. Ankagwada pambali pa bedi, n'kunena kuti, Ambuye, mukuona, basi. Chimene ankafuna ankachidziwa, ndipo n'chimene chinkamuchititsa manyazi. Njira ya adokotala inali yosalala ndithu: aliyense akanamumvera chisoni, palibe akanamuloza chala. Koma ankati akaganiza zokhala moyang'anizana ndi achimwene chaka ndi chaka, iwo akumupepesa kuti anavutika ndi majakisoni pachabe, ankaona kuti sangathe.

Lachinayi masana anatseka shopu n'kupita kuchipatala. M'chipinda cha makina munali mabedi asanu ndi atatu, ndi fungo la mankhwala okolopera. Achimwene anali pabedi la pafupi ndi zenera, mkono uli tambalale pa pilo, timapaipi tiwiri tofiira tikuchoka pamkonopo kupita kumakina. Kale anali dalaivala wa basi, munthu wa thupi ndi mawu. Tsopano kolala ya malaya inkawazungulira khosi momasuka. Pa kabati panali kakapu kolembedwa mzere, muyezo wa madzi amene ankaloledwa kumwa.

Atamuona anauza nesi kuti abweretse mpando, kwabwera bwana wa mafashoni. Makinawo ankawatcha mkazi wawo wamng'ono, ndipo anadandaula kuti mitala imeneyi ndi yowawa: mkaziyu saphika, sachapa, koma ukangojomba tsiku limodzi amakutupitsa miyendo. Nesi anawauza kuti asiye mwano, mkazi wamng'onoyo akumva. Alamu anali atatsikira kolandirira mankhwala, komwe mzere wake sunkatha msanga.

Kasingano anakhala pansi. Anawakonzera bulangeti kumapazi, ngakhale linali bwinobwino.

"Nkhope imeneyo ndikuidziwa," anatero achimwene. "Ndi imene unabwera nayo utagwetsa njinga yanga mu ngalande. Nena."

"Magazi agwirizana, achimwene."

Maso awo anapita kudenga.

Iye anapitiriza asanathe mphamvu. Anawauza za chotupa chija, za khomo lotseguka, za chaka chodikira, ndi zimene adokotala anati angathe kuuza banja. Ankayankhula motsitsa kuti wa bedi loyandikana asamve, koma uyo anali atatembenukira kale kukhoma mwaulemu.

"Akananena kuti sindili woyenera, inu mukanakhulupirira," anatero pomaliza. "Ndalephera kukunamizani. Ndikupempha chaka chimodzi, ndiyese. Zikakanika, impso ndi yanu. Zikatheka, mudzadikiranso mpaka ndichire."

"Ndiye kuti mwina si chaka chimodzi."

"Mwina si chimodzi."

Makina anapitiriza kung'ung'udza. Achimwene anayendetsa milomo ngati akuwerenga, ndipo iye anadziwa kuti akuwerenga maulendo, katatu pa sabata, masabata a chaka chonse. Ananyambita milomo youma, anayang'ana kakapu kaja, koma sanakatenge.

"Ukanangondinamiza, Kasingano," anatero. "Bwenzi ndikugona bwino."

"Ndikudziwa."

"Ndatopa, mlongo wanga. Sindikubisira. Pena m'mawa ndimakhala pabedi nsapato ili m'manja, osadziwa ngati ndivale." Anapumira m'mwamba. "Tsiku lija kwa amayi ndinamva zimene ananena za iwe. Ndinakhala chete chifukwa zinkandikomera. Chimenecho ndiye chandikhala pamtima."

Kasingano anagwira dzanja lawo lopanda mapaipi. Linali lozizira ndi lopepuka, ndipo silinamufinye, komanso silinachoke.

Achimwene anamufunsa ngati amuna ake akudziwa kuti wabwera, iye anati ayi. Anamufunsa ngati amayi akudziwa za chotupa, anatinso ayi. Achimwene anati zikhale choncho. Amayi akamva, mpingo wonse umva lisanafike Lamulungu, ndipo alamu ake ndi munthu wabwino koma wasenza zambiri, sangathe kumuyang'ana bwino akadziwa. Kasingano anati iye safuna kuti wina anene bodza chifukwa cha iye. Achimwene anati iye wanena zoona zake, wathana nazo. Zotsalazo ndi za mwini matenda.

Alamu analowa atanyamula kapepala ka mankhwala, akupuma mofulumira chifukwa cha masitepe. Ataona Kasingano anaima. Anayang'ana iye, anayang'ana amuna awo, ndipo funso limene analisunga sabata yonse linatuluka lokha.

"Zatuluka?"

Kasingano anatsegula pakamwa, koma achimwene anamutsogolera.

"Zatuluka, mayi. Akuti sali woyenera kupereka. Zifukwa zake sanena."

Alamu anakhala pamphepete pa bedi pang'onopang'ono, mankhwala ali pamiyendo. Kenako anatambasula dzanja n'kumugwira Kasingano paphewa, n'kumuuza kuti asadandaule, anayesetsa, ndipo Mulungu waona mtima wake. Kasingano anaweramitsa mutu. Achimwene anatseka maso n'kufunsa nesi kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji, ndipo nesi anayang'ana pa makina n'kunena kuti ola limodzi ndi theka.