Tryness Agwadira Chidole

Nkhani ya Tryness yafika kale mpaka ku Chalimbana. Mtsikanayu ndi wa ku Nkomeshya, ndipo temu yonse anavutikira kuti Angela ndi anzake a kumapuloti, ana a mabwana ogwira ntchito ku Lusaka, asiye kumutcha wa kumudzi. Pa ulendo wa sukulu wokaona myuziyamu zinayamba bwino ndithu. Angela anakhala naye mpando umodzi m'minibasi, mpaka kumugawira mabisiketi. Aphunzitsi atawaonetsa sitima pa siteshoni ya Lusaka, Tryness anadzigwira osakuwa, ngati amaiona tsiku lililonse.

Zinaonongekera m'kati mwa myuziyamu. Pakona ina yamdima panali mkulu atakhala pakhomo la kanyumba kaudzu. Tryness sanaganize n'komwe. Maondo anagwa okha pansi, iye n'kuyamba kuomba m'manja monga anamulelera kwao.

"Muli bwanji, atate?"

Mkuluyo sanayankhe. Chinali chidole choumba chabe.

"Mayo ine!" Angela anafa nacho chiseko, foni ili kale m'mwamba. "Bwereza iwe, sininajambule bwino. Ufunse ba tate ngati adya!"

Pobwerera, pa mpando wa Tryness panakhala chikwama cha Angela, ndipo vidiyo ija inafika kwao ku Chongwe iwo asanafike.

Pafupi ndi kwao Tryness anapeza ba Abson, mkulu amene ankamunyamula pa njinga ali wamng'ono, atakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Wabwera, mwana wanga? Waona chani ku Lusaka?"

Maondo anafuna kupinda. Tryness anawaumitsa, nadutsa osayankha.