Gulu la Osavina

Ndinkasita malaya a mwana wanga wamkazi pamene mlamu wanga analowa ndi kalata yochokera ku yunivesite. Magalasi anga anali kuchipinda, ndiye ndinati andiwerengere.

"Akukuthokozani, mlamu," anatero, kenako anaseka. "Ati potenga nawo mbali m'gulu la anthu osadziwa kuvina. Inuyo? Ife tinkakwera pamipando kuti tikuoneni bwino!"

Atandiyang'ana kumaso, anasiya kuseka. Anandilanda simbi m'manja n'kumaliza yekha malayawo.

Mwana wangayo amafufuza za ubongo. Miyezi itatu yapitayo anandiuza kuti akujambula ubongo wa akatswiri ovina, kuti aone zimene zimachitika m'mutu mwawo akamaonera anzawo akuvina, ndipo akufunanso ine. Ndinavina m'gulu la zisudzo zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinasiya ndili ndi pakati pa iyeyo. Tsiku limenelo ndinayamika Mulungu kuti mwanayo akukumbukira. Milungu iwiri ndinkayeserera kukhitchini, bondo likuwawa. Chikalata chawo ndinasaina osawerenga.

Tsiku londijambula, m'makina ojambulira ubongowo munali mozizira komanso mwaphokoso. Mayi woyendetsa makinawo anandifunditsa bulangete kumapazi ndisanapemphe. Pagalasi la kanema panabwera atsikana akuvina, ine n'kumavina nawo mumtima, osasuntha ngakhale chala.

Mwanayo atabwera kuchokera kuntchito, ndinamupatsa malaya ake, kalatayo ili pamwamba. Anaiwerenga ataimirira.

"Amayi, lamulo lake ndi loti munthu akhale akuvinabe. Inu munasiya kalekale. Gulu la osavina, loyerekezera nalo akatswiriwo, linkaperewera anthu amsinkhu wanu."

"Bwanji sunandiuze?"

"Simukanabwera."

"Ndikanabwera. Ukanati ukufuna kundiwerenga tsitsi lam'mutu, ndikanabwera."

Ndinapemphera chamumtima kuti pakamwa panga pasatuluke mawu oipa, kenako ndinamufunsa chimene chithunzi changa chinaonetsa.

"Chinafanana ndi cha akatswiri aja," anatero motsitsa mawu. "Chinkasokoneza gulu lonse la osavina. Tinachichotsa."

"Ndiye panopa ndili gulu liti?"

"Simuli paliponse, amayi."

Ndinatenga chingwe cha simbi n'kuyamba kuchikulunga pang'onopang'ono. Iye anaika malaya aja pampando, nagwada pambali pa bondo langa lowawa lija.

"Amayi, ndinakunamizani. Ndinkadziwa kuti mukuyeserera kukhitchini, ndinkakumvani, koma ndinangokhala chete. Ndikhululukireni."