Wogogoda wa m'Buku la Mizukwa

Buku lina la mizukwa linazungulira Fomu 3 yonse mpaka chikuto chinathothoka. M'nkhanimo, munthu amene anasowa m'nkhalango anabwerako patapita zaka, n'kumagogoda pakhomo pakwawo, abale ake atadzitsekera m'nyumba ndi mantha.

Ena ankalidumpha tsamba limenelo, koma Ireen ankangolibwereza, maso ali kuphiri kumene achimwene ake a Alufeyo anakwera kukacheka matabwa osatsikanso. Kwawo sanamete mpaka lero, chifukwa amayi amati maliro opanda mtembo salirika.

Lolemba aphunzitsi anamufunsa, "Ireen, chakuopsa n'chiyani m'bukumu?"

"Abale akewo," anayankha. "Munthu wayenda mtunda wonsewo, mwinanso pachiperoni, iwo osamutsegulira? Akanagogoda kwathu, olo ali mzukwa, ine ndikanayamba ndamufunsa ngati wadya."